Miyendo ya a Nino Pansi pa Madzi

Abale anga, zikomo pondipatsa kampata aka. Kwa amene simundidziwa, ine ndine Fredson, bambo a Tadala. Kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, kumene kamtsinje kathu kakakwiya kwambiri kamalekeza m'chiuno. Mawu amenewo muwasunge, afunika kutsogoloku. Ndine chidakwa chimene chinasiya mowa, ndipo sindikunena modzitama, chifukwa ludzu lake silinafe, linangogona. Ndikuona ena mwayamba kuwerama. Musade nkhawa, sinditchula munthu, lero ndikudziulula ndekha.

Titabwera kuno ku America tinakhazikika ku South Bend ndi akazi anga, mayi a Tadala. Iwo ankagwira ntchito kuchipatala, ine ndinkasamalira okalamba m'makomo mwawo: kuwasambitsa, kuwaveka, kuwapatsa mankhwala, kuwadrayiva kwa dokotala. Sinowo wa ku South Bend mukumudziwa, amagwa ngati munalakwirana. Ndinayamba ndi kamodzi kochotsera kuzizira ndikaweruka. Kamodziko kanaitana kanzake. Posakhalitsa ndinayamba kumwa ndisanapite kuntchito kuti manja aleke kunjenjemera, kenako ndinatulukira nzeru ya kumidima: kuthira vodika m'botolo la madzi akumwa. Wina anandiuza kuti vodika sanunkha. Ananama munthu ameneyo. Lamulungu ndinkaimba besi m'kwaya, tayi ili pakhosi, ndipo aliyense wondifunsa kuti muli bwanji ndinkamuyankha monga timayankhira tonse, kuti tili bwino, kaya inu.

Nthawi imeneyo ndi pamene akuntchito ananditumiza kwa a Nino. Anali nkhalamba ya ku Italy, yamapewa otambalala ngati chitseko, imene inabwera ku America ili mnyamata kudzagwira ntchito m'fakitale. Sitiroko inawapha dzanja lamanja, miyendo nayo inali itafooka moti pamtunda ankayendera njinga ya olumala. Tsiku loyamba mwana wawo wamkazi, Lucia, anandifunsa kuti, “Bambo angawa amafuna kupita ku dziwe losambiramo sabata iliyonse, apo ayi amadwala mtima. Kodi mumatha kusambira?”

Ine ndinati, “Kwambiri.”

Mukuseka chifukwa mukudziwa. Mmalawi wofuna ntchito sanena kuti sinditha, amati tikaonera komweko. Ndinakumbukira kamtsinje ka kwathu kaja, mmene tinkadumphiramo maliseche n'kumakwawa ndi manja pamchenga, ndipo mumtima ndinati kumenekonso n'kusambira.

A Nino anali ndi chipembedzo chawochawo, wota polo, mpira wa m'madzi. Loweruka lililonse chakum'mawa kapena masana, pamene ku Italy kuli madzulo, ndinkawaimikira tabuleti patebulo kuti aonere ligi yaikulu ya kwawo. Poyamba ndinkangoona mitu ya anthu yovala tizipewa tomanga pachibwano, ena toyera, ena tabuluu, goloboyi kofiira, ikuyandama ngati maungu m'chigumula. Iwo ndiwo anandiphunzitsa. Anthu asanu ndi awiri mbali iyi, asanu ndi awiri mbali iyo, mpira kugwira ndi dzanja limodzi basi, ndipo pansi palibe popondapo. Ankandiuza kuti, “Fredi, kamera imakunamiza. Imakuonetsa chifuwa ndi nkhope. Masewera enieni ali pansi pa madzi, kumene miyendo siipuma.”

Kwawo kunali katauni ka asodzi pafupi ndi Genoa, nyumba zake zopaka mitundu zitaunjikana pa phiri ngati zikusuzumira m'nyanja. Akayamba kufotokoza, maso awo ankachoka m'chipinda muja. Ankati iwo ali mnyamata kunalibe maiwe omanga, ankasewerera m'nyanja momwemo, padoko, magolo atawamangirira pakati pa maboti, anthu akuonerera atakhala m'mabotimo ndi pamiyala, amayi akukuwa kuchokera pamawindo. Funde likabwera golo ankakwera n'kutsika, ndipo woponya mpira ankayenera kudikira nyanja kuti imulole. Timu ya katauni kawoko inatengapo chikho kalekale, iwo asanamere ndevu. Kuchokera pamenepo chikho chinasamukira kwa oyandikana nawo, katauni kena kuseri kwa phiri, amene amachitenga pafupifupi chaka ndi chaka ngati cholowa cha makolo awo. Nthawi zina a ku Napoli ankachilanda, nthawi zina a m'tauni ina yakumpoto yopanda n'komwe nyanja, ndipo zikatero a Nino ankakondwa sabata yonse. Oyandikana nawowo ankawatukwana ndi mtima wonse, koma masewera awo sankawaphonya.

Ndinkawamvera mowa uli m'mutu, kunja sinowo akugwa mwakachetechete, m'tabuleti madzi abuluu akunyezimira. Ndinkaona ngati inenso ndili pa boti lija, dzuwa la dziko limene sindinapondeko likundiotcha pamsana. Ndinawakonda madala amenewo. Ndipo ndinkawanamiza tsiku lililonse.

Kudziwe zinkandiyendera chifukwa mbali imodzi madzi amalekeza pachifuwa. Ndinkawamanga lamba woyandamitsa, n'kuwatsitsira m'madzi pa mpando wamakina, ine n'kumayenda nawo chopondaponda. Lambayo ankadana naye, ankati ngwa makanda. Sabata iliyonse ankaloza tsidya linalo, kuseri kwa chingwe, kumene pansi pamatsetsereka n'kuzimirira, n'kunena kuti, “Tiye uko.” Ine ndinali ndi zifukwa zosatha. Dokotala sanalole. Lucia akalipa. Sabata yamawa, madala.

Tsiku limene ndikufuna kukuuzani, ndinali nditamwa kuyambira m'mamawa. Ndinadziwa kuti ndikalowa nawo m'madzi, nkhope kufupi ndi nkhope, amva fungo. Choncho ndinati ndili ndi chimfine, ndiziwatsatira m'mphepete. Ndinawatsitsa okha, ine ndili ndi jekete, jinzi ndi nsapato, botolo langa lija lili m'manja. Ndinakhala pa benchi kuti mutu uleke kuzungulira. Sindikudziwa kuti maso ndinawatseka nthawi yaitali bwanji. Nditawatsegula ndinaona lamba uja akuyandama yekha pakati pa dziwe, wopanda munthu.

A Nino anali atamumasula, n'kudutsa pansi pa chingwe. Anali kwakuya kuja, mutu uli pamwamba, akumwetulira ngati mwana amene wathawa kusukulu. Ndinathamanga, ndinakuwa kuti bwererani, ndinawerama kuti ndiwagwire dzanja. Pansi panaterera, kapena miyendo yanga ndi imene inandikana, sindidziwa. Ndinangomva kuti thibu.

Pano ndilankhule pang'onopang'ono, chifukwa ndimapaonabe. Pansi pa madzi pali bata limene sindinalimvepo kwina kulikonse. Phokoso lonse linatha. Jekete linadzaza madzi n'kuyamba kundikokera pansi mofatsa, ngati munthu wokuitanira kumphasa. Ndinafunafuna pansi ndi mapazi monga ndinkachitira ku Dedza, pansi panalibe. Kumwamba ndinkaona magetsi a padenga akuvina, botolo langa likukwera lokha kundisiya. Ndinaganiza za Tadala. Ndinaganizanso, Mulungu andikhululukire, kuti bola zithe chonchi, anthu adzati inali ngozi.

Kenako patsogolo panga ndinaona miyendo. Miyendo iwiri yoonda, yoyera, yamitsempha, imene m'mawa womwewo ndinaiveka masokosi ndi manja angawa chifukwa mwini wake sakanatha. Inali ikuzungulira, uwu ukamapita uwu ukubwera, osathamanga, osapuma. Ndinaizindikira. Ndi zija ankati kamera siionetsa. Dzanja limodzi linatsika, linandigwira pakolala, ndipo ndinatulukira pamwamba ndikutsokomola, ndikulira, ndikuwakwera nkhalambayo pamutu monga amachitira munthu womira. Iwo anandikankha ndi bondo pamimba, n'kunditembenuza chagada, n'kundinong'oneza m'khutu kuti, “Usalimbane nane. Gona.” Anandisunga choncho, munthu wa dzanja limodzi, mpaka wolondera dziwe anatiponyera chogwirira.

Atatitulutsa, a Nino milomo inali itada. Mtima wawo sunapirire katundu amene ndinawasenzetsa. Ambulansi inawatenga, ine ndinatsala nditakhala pansi m'madzi otuluka m'nsapato zanga, ndipo aliyense amene anandiyandikira anamva fungo lija limene ndinkati kulibe.

Zotsatira zake sizifuna nthawi. Kuntchito anandifaya tsiku lomwelo, chilolezo chosamalira odwala chinapita. Mayi a Tadala sanakuwe, bola akanakuwa. Anangoti, “Bambo a Tadala, ndakubisirani mokwanira. Mwanayu mumamudrayiva m'galimoto momwemo muli chonchi?” Ananditumiza kuno ku Indianapolis kwa achimwene awo, alamu anga a Mbewe, amene akhala apowo. Anandipatsa kachipinda kapansi m'nyumba mwawo kufupi ndi Lafayette Road. Mungaganize kuti ndinasiya mowa. Ndinawonjezera. Ndinkagona masana onse makatani ali otseka, ndikulota madzi abuluu ndi miyendo ija ikuzungulira pamwamba panga, ine ndikutsika, ndikutsika. Sindinaimbe foni kufunsa ngati a Nino ali moyo. Ndinkaopa yankho.

Foni inachita kundipeza yokha, sinowo atayamba kusungunuka. Anali Lucia. Mawu ake anali ouma, ndipo sindimuimba mlandu.

Anati, “Ine sindinafune kukuimbirani. Bambo ndiwo aumirira. Atuluka m'chipatala, koma dokotala akuti mtima watsala pang'ono. Andituma mafunso awiri. Loyamba akuti, kwawo munthu amene amalowa m'dziwe ndi nsapato ndi kochi amene watenga chikho, anyamata ake amachita kumuponyamo. Nanga inu munawina chiyani?”

Ndinaseka, abale anga, koyamba m'miyezi yonseyo, kuseka kosanganikirana ndi misozi ndi mamina.

“Lachiwiri akuti, kodi mwaphunzira kusambira? Akufuna kupitanso kwakuya kamodzi asanafe, opanda lamba. Miyendo yawo siingathenso. Akuti munthu amene iwo anamunyamula ndi amene awanyamule.” Kenako anati, “Zanga ndi izi. Ligi ikamatha mubwere. Ndikamva kafungo kalikonse, kapena ndikaona kuti simutha kuyandama, simudzawakhudza. Ndipo sindikudziwa ngati afika nthawi imeneyo.”

Za mowa a Nino sanafunse n'komwe. Ndinakhala pa bedi ndi foni m'manja, ndikuganiza kuti munthu amene ndinatsala pang'ono kumupha akufuna kuika mutu wake padzanja langa pamalo pomwe paja. Manyazi anandigwira, koma anali manyazi amtundu wina, oimiritsa munthu, osati ogoneka.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinakwera masitepe, ndinawapeza a Mbewe akutsuka galimoto, ndinati, “Alamu, sindili bwino.” Mawu atatu amenewo anandilemera kuposa jekete lonyowa lija. Iwo anatseka mpopi n'kunena kuti, “Timadikira kuti munene nokha, alamu. Valani nsapato.”

Mverani bwino apa, inu amene mukuganiza zosiya. Ananditengera kaye kwa dokotala, chifukwa munthu amene wamwa mmene ndinkamwera ine akasiya mwadzidzidzi yekha m'chipinda angathe kukomoka, ngakhale kufa. Pemphero ndi lofunika, ndipo amayi a mumpingo uno anandipempherera mpaka mawu kusasa, koma mankhwala ndinamwanso. Ndinayamba kupita kumisonkhano ya anthu osiya mowa, kukhala pabwalo limodzi ndi azungu, anthu akuda a konkuno, a ku Mexico, aliyense kunena zake poyera. Kwa ife zimenezi n'zovuta, tinaleredwa kuti za m'nyumba sizituluka. Za m'nyumba zanga zinali zitatuluka kale pa ambulansi. Makiyi a galimoto ndinawapereka kwa a Mbewe. Ndinapeza ganyu yolongedza katundu m'mashelefu pa shopu ina ya zakudya za kwathu pa Lafayette Road pomwepa.

Ndipo ndinalembetsa kuphunzira kusambira ku Lawrence. Ndinkakwera mabasi kudutsa tauni yonse, kabudula ali m'jumbo. M'kalasimo munali amayi okalamba okhaokha ndi ine, bambo wandevu za imvi, nditagwira kathabwa koyandama ngati khanda. Tsiku loyamba ndinakanika kuika nkhope m'madzi. Mayi wina wachikulire anandigwira dzanja nati, “Puma, mwana wanga, madziwa sakukufuna.” Nditayamba kuyandama ndinamuuza mphunzitsi wathu kuti sindikufuna liwiro, ndikufuna kuima malo amodzi pakuya nditanyamula munthu. Loweruka ndinkaonera ligi ija pafoni, osati kuona zigoli ayi, koma kudikira pamene kamera yatsika pansi pa madzi kuti ndione mawondo mmene amatambalalira. Ndinkayeserera nditakhala pampando wa m'basi, anthu n'kumandiyang'ana.

Sindinayende mowongoka. Pa kanyenya wina wa Amalawi mnzanga wakale anandipatsa botolo nati, “Amwene, kamodzi sikapha.” Ndinamwa, ndipo sikanali kamodzi. M'mawa mwake chimene ndinachita mosiyana ndi kale n'chakuti ndinanena. Ndinawauza a Mbewe, ndinanena kumsonkhano, ndinamuimbiranso Lucia, ndikuopa kuti basi wanditsekera chitseko. Anangoti, “Mukanabisa ndikanadziwa. Yambiraninso.” Ndipo inu okonza maphwando, chonde, munthu akakana botolo musamufunse kawiri.

Ligi inafika kumapeto mitengo itaphuka. A Mbewe anandidrayiva kupita ku South Bend. A Nino ndinawapeza atachepa, mapewa aja atalowa m'kati, koma maso ali omwewo. Ndinagwada pambali pa bedi kuti ndipepese monga timachitira kwathu, iwo anati, “Dzuka, ukunditchingira tabuleti.” Tinaonera limodzi fainolo. Oyandikana nawo aja anatenganso chikho, a Nino anawatukwana bwinobwino ndi kampweya kamene anali nako, ndipo anyamata atamuponya kochi wawo m'madzi ndi malaya ndi nsapato, madala anandiyang'ana m'mbali.

Mawa lake tinapita kudziwe lija. Lucia anandiyandikira pakhomo ngati akundipatsa moni, ndinadziwa kuti akununkhiza, ndipo ndinamupumira dala. Anandiuza kuti ndilowe ndekha kaye. Ndinalowa kwakuya, ndinaima pamadzi manja ali m'mwamba mpaka iye anagwedeza mutu. Nditacheuka ndinaona pa benchi ija, ija ndinagonapo, patakhala mayi a Tadala ndi Tadala. Sindinadziwe kuti abwera. Mwana wanga anakuwa m'Chingerezi chake chija kuti adadi musamire, amayi ake n'kumutsina.

Wolondera dziwe anali chilili pafupi. Tinawatsitsa a Nino pa mpando wamakina, opanda lamba. Ndinawagoneka chagada, mutu wawo paphewa panga, dzanja langa pansi pa msana wawo, monga anandigwirira ine. Anali opepuka moti ndinachita mantha. Tinayenda chopondaponda mpaka pa chingwe, Lucia anachikweza, ndipo ndinamva pansi pakutsetsereka, zala za kumapazi zikukhudza komaliza, kenako osakhudzanso. Miyendo yanga inayamba yokha, uwu ukamapita uwu ukubwera. Yawo inkangolendewera m'madzi ngati zingwe.

Anatseka maso. Kuwala kwa pawindo kunkasewera pankhope pawo. Patapita kanthawi anati akumva maboti akugundana padoko, ndi mayi awo akuwaitana kuchokera pawindo kuti abwere adzadye. Ine mpweya ndinkausunga. Ntchafu zinayamba kuotcha, koma ndikanalolera kuti ziduke.

Kenako anafunsa, maso ali chitsekere, “Fredi, waponda pansi?”

Ndinati, “Ayi, madala. Pansi palibe.”

Anati, “Eya. Tikhale kaye pompano.”

Tinakhala. Anamwalira masamba atayamba kugwa, ligi yatsopano itangoyamba kumene. Ine ndinabwerera kunyumba kwanga ku South Bend patapita miyezi ina, osati chifukwa ndinapempha, koma mayi a Tadala ndiwo anati bwerani tiyese. Chilolezo chija sindinachipezenso, ndipo mwina sindidzachipeza. Ndimagwira ntchito yosamalira dziwe, kuyeza mankhwala a m'madzi ndi kukolopa m'mphepete kuti wina asaterere.

Ndikudziwa kuti muno muli wina amene ali ndi botolo la madzi m'galimoto panjapo limene si la madzi. Mwavala bwino, mwaimba bwino, mwatiyankha kuti muli bwino. Sindikukuuzani kuti muimirire pamaso pa anthu. Tikatuluka ndikhala pakhomo paja ndi alamu angawa, mungodutsa n'kunena mawu aja akuti sindili bwino, ife tidziwa kokutengerani. Ndipo musandione ndaima chilili pano ndi tayi n'kuganiza kuti mnzathuyu anafika pouma. Sindinaponde pansi, abale anga. Miyendo ikuzungulirabe.